Njira ya Nkhono

Sunthirani kuno, mphepo ikuchokera uko. Nkhani imene ndikufuna kukuuzani si yothawitsa tulo ayi. Ine ndikaikumbukira mtima umakhala m'malo, kungoti thupi lokha ndilo limachita tsembwe.

Pa boma la Dedza, kuseri kwa msika, padali telala wina dzina lake Maliseni. Munthu wa nthabwala, tepi m'khosi tsiku lonse, woti mukamupatsa nsalu azikuuzani kuti "mubwere mawa" mpaka chimanga chiche. Matelala mukuwadziwa. Koma anthu sankamuthawa, chifukwa dzanja lake lidali labwino, ndipo pakhonde pake pankakoma kuchezapo.

Mkazi wake Elinati adamwalira m'nyengo yozizira, namusiyira ana awiri aakazi. Wamkulu adali Lonjezo, amene adali pafupi kuyamba sukulu, pakamwa posapuma ngati wailesi ya m'golosale. Wamng'ono adali Sungeni, ndipo nkhani ino ndi yake. Amake ali moyo, Sungeni adali atayamba kale kulankhula, mpaka kumafunsa makasitomala a bambo ake kuti, "Mwanditengera chiyani?" Koma kuchokera tsiku limene amake adagwa, mwana uja adatseka pakamwa. Sadalire pamaliro. Sadanenenso "ababa," sadanenenso "madzi." Kudya ankadya, kugona ankagona, ukamutuma ankapita. Koma ukamuyang'ana m'maso unkachita ngati wasuzumira m'nyumba yosesa bwino, eni ake kulibe.

Kuchipatala adamuunika m'makutu ndi pakhosi, nati zonse zili bwino, angodikira. Abusa adapemphera, azakhali adabwera ndi mizu yawo. Chaka chidatha mwana ali duu.

Musaganize kuti m'nyumbamo munkangokhala chisoni chokhachokha. Ayi ndithu. Maliseni adaphunzira kuluka tsitsi, ngakhale mizere yake inkakhota ngati ya munthu wolima ataledzera, ndipo Lonjezo ankamuseka poyera. Ankawasokera madiresi a zidutswa zotsala, mkono uwu wofiira, uwu wobiriwira, ana n'kumanyada nawo kutchalitchi. Ankakhala bwino atatuwo. Kungoti nthawi zina, ali mkati mopalasa makina, Maliseni ankaimitsa phazi n'kutchera khutu, poyesa kuti wamva kamawu kumbuyo kwake. Chimene ankalakalaka padziko lapansi chidali chimodzi, kumvanso mwana wakeyo akumuitana.

Tsono Elinati ankagwira ntchito yophika ku nyumba ina ya masisitere kuseri kwa phiri, kumene anthu amapita kukabindikira ndi kupemphera. Kumunsi kwa nyumbayo, pakati pa mitengo ya paini, kuli bwalo la mchenga limene sisitere wina wakalekale adayalapo miyala yopaka laimu. Miyalayo imapanga kanjira kamodzi kozungulirazungulira. Kamakutengera kufupi ndi pakati, uli pafupi kufika kamakubweza kunja, kenako kamakulowetsanso, mpaka umafika pa mwala waukulu wokhalapo. Kalibe mphambano, sungasochere. Anthu amayendamo atavula nsapato, pang'onopang'ono, ali chete, aliyense ndi zake mumtima. Masisitere ali nalo dzina lake lachizungu, koma anthu a kumeneko amangoti Njira ya Nkhono.

Elinati ankaikonda njira imeneyo. Akatsuka mapoto masana ankatsikirako, Sungeni ali kumsana. Ndipo n'komweko, pa mwala wa pakati, kumene adagwa tsiku lina osadzukanso. Kuyambira pamenepo Maliseni sadapondekonso.

Amene adamubweza ndi Lonjezo.

"Ababa, amayi anati ndikadzayamba sukulu adzanditengera ku Nkhono. Sukulu ndayamba. Ndiye?"

"Tidzapita mawa."

"Mawa la makasitomala lija, kapena mawa lenileni?"

Maliseni adaseka mpaka kutsokomola. Mwana woteroyo mungamukane bwanji? Loweruka lotsatira, ataperekeza mayunifolomu a kwaya kwa eni ake, adatseka makina, naika m'thumba mbatata yophika, nthochi ndi kachigubu ka thobwa. Adakwera minibasi mpaka pamene msewu wafumbi umapatukira kuphiri, nayamba kukwera wapansi. Dzuwa lidali lokoma, kamphepo kakuluma makutu. Lonjezo adali patsogolo kufunsa dzina la mtengo uliwonse, Sungeni atagwira chala cha bambo ake.

Atafika pakati pa chitunda adakumana ndi nkhalamba ina ikutsika, ikukankha njinga ya nkhuni. Adapatsana moni mwaulemu. Nkhalamba ija idati ipitirire, koma maso ake adagwera pa Sungeni, ndipo idaimitsa njinga.

"Kamwana aka n'kanu, bambo?"

"N'kanga, agogo."

"Nanga katsika nthawi yanji? Inetu ndakasiya kumtunda kuja kwa masisitere, kakusewera ndi mchenga."

"Mwina mwaona wina. Ifetu tikuchokera kuboma."

Nkhalamba ija idayang'ananso mwanayo, kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Mwina," idatero. "Maso aukalamba awa." Idakankha njinga n'kutsika, ndipo Maliseni adaona kuti idali kuyenda msanga kuposa m'mene idabwerera.

Kwa masisitere adalandiridwa ndi mayi Nasibeko, mzimayi wamkulu thupi, woseka ndi mapewa omwe, amene ankaphika limodzi ndi Elinati. Atangowaona adataya chikombe pansi.

"Bambo a Lonjezo, lero mvula igwa. Tayang'anani ana akula. Nanga tsitsili waluka ndani? Mwanayu walakwa chiyani?"

"Ndi sitayilo yatsopano, mayi, kuno kuphiri siinafike."

Adawapatsa tiyi ndi masikono otentha. Masisitere adali atapita ku boma, panyumba padali zii. Mayi Nasibeko adati iwo atsogole, iye abwera akaphula buledi mu uvuni.

"Malamulo a njirayo ndi ochepa," adauza Lonjezo. "Uvule nsapato, usadumphe miyala, usalankhule."

"Lachitatulo ndiye tikagwa nalo," adatero Maliseni.

Adatsika atatuwo. Bwalo lidali loyera, losesedwa m'mawa womwewo, mizere ya tsache ikuoneka bwinobwino mumchenga. Munalibe phazi la munthu ngakhale limodzi m'kanjira konse. Adavula nsapato pakhomo, nalowa, Lonjezo patsogolo, Maliseni ndi Sungeni pambuyo.

Maliseni adabwera akuopa kuti mtima umupweteka, koma sizidatero. Mchenga udali wofunda, mitengo ikununkhira utomoni, ndipo kuyenda kozungulira kuja kudamufewetsa mapewa. Lonjezo adakhala chete mpaka pokhota poyamba basi.

"Ababa, ikutinamiza njirayi. Tinafika pafupi, yatibwezanso."

"Ndi mmene imachitira. Tiye."

"Imachita ngati inu ndi madiresi a anthu."

Ali mkati moseka, Maliseni adamva kanyimbo. Kadalibe mawu, kadali kong'ung'udza chabe, ka mwana amene akusewera yekha. Kankamveka kutsidya kwa miyala, kufupi ndi pakati. Atakhota, kadamvekanso, koma tsopano kumbali ina.

"Sungeni akuimba," adatero Lonjezo osacheuka.

Maliseni adayang'ana pansi. Sungeni adali pambali pake, chala chili m'dzanja lake, milomo yotseka. Adadziuza kuti ndi mphepo m'mapaini, pakuti mapaini amaimba ndithu, aliyense wa ku Dedza akudziwa.

Atafika pakati adapeza mchenga wozungulira mwala uja uli mapazi okhaokha. Timapazi ting'onoting'ono, tina topita uku, tina uko, ndi timilu ta mchenga toumba ndi manja monga amachitira ana akamaphika zamasanje. Maliseni adacheukira kanjira kamene adadzera. Mudali mapazi a iwo atatu okha. Sungeni adasiya chala cha bambo ake, chinthu chimene sankachita pamalo achilendo, nakakhala pansi pakati pa timilu tija ngati munthu wofika pakhomo pake.

Tsono apa ndikuuzeni zoona, Maliseni sadachite mantha. Adakhala pamwala, natulutsa mbatata ndi thobwa, ndipo adamva mtendere umene adali asadaumve chaka chonse. Padali kafungo ka utsi wa nkhuni ndi sopo wochapira, kafungo kamene ankakadziwa bwino. Sadafune kufunsa kuti kakuchokera kuti. Adangotseka maso, dzuwa likumuwotha kumaso, Lonjezo akusimba za aphunzitsi ake, nthawi n'kumapita.

"Ababa, Sungeni wandibera mbatata."

"Wakubera bwanji poti ali ndi yake?"

"Ndinaika apa pamwala. Palibe."

Mbatata ya Sungeni idali m'dzanja lake, yosaluma n'komwe. Adafunafuna kuseri kwa mwala, m'thumba, pansi. Adapeza makoko okha, osenda bwino, ataunjikidwa pa kamulu kamodzi ka mchenga.

Pamenepo n'kuti dzuwa litapendeka, ndipo nkhungu idayamba kutsika kuphiri monga imachitira kumeneko, mwakachetechete, kudzera m'mitengo. Kanthawi kochepa nyumba ya masisitere idabisika. Mbalame zidaleka kulira. Kanyimbo kaja kadayambanso, ndipo ulendo uno kadali pafupi kwambiri, kuseri kwa mwala umene adakhalapo.

"Tiyeni ana, kwazizira," adatero Maliseni.

Adanyamula Sungeni. Pakhomo pamene adasiya nsapato pankaoneka apo pomwepo, kungodumpha mizere ingapo ya miyala basi. Adatukula phazi kuti adumphe. Mwana uja, amene chaka chonse ankangotsatira kulikonse kumene wamukokera, adauma thupi lonse, nakankha chifuwa cha bambo ake ndi manja awiri, maso ali pamwala. Manjawo adali ozizira ngati madzi a m'mtsuko.

"Bambo a Lonjezo, bwezani phazilo."

Adali mayi Nasibeko, ataima pakhomo la njira, ufa udakali m'manja. Sadali kusekanso.

"Ndikufunseni," adatero. "Tsiku lija ine kunalibe, ndinali kwathu ku maliro. Mwanayu anamutulutsa muno ndani?"

"Ndine. Alonda atandiimbira foni ndinabwera pa njinga yamoto. Ndinapeza amake atawanyamula kale kupita nawo ku galimoto. Mwana anali atakhala apa yekha, anthu atamuiwala. Ndinamunyamula n'kuthamanga naye."

"Munadzera pati?"

"Pamiyala pomwepa. Nthawi yozungulira inalipo ngati?"

"Munamuitana?"

"Ndimuitane bwanji, mayi, poti anali m'manja mwanga?"

Mayi Nasibeko adagwira pakamwa, napukusa mutu pang'onopang'ono. Si kuti adakwiya ayi, adamva chisoni.

"Inu abambo mumationa tikuchita, mumayesa tikungosewera ndi ana. Mzimayi akapuma ndi mwana wamng'ono pamtsinje, pansi pa mtengo, kumunda, ponyamuka amamuitana dzina, amvekere tiye kwathu. Ngakhale mwanayo ali kumsana. Mwana wamng'ono sanyamuka yense nthawi imodzi. Thupi mungalinyamule, koma mwiniwake amatsalira pamene amasewera. Elinati sankatuluka muno osamuitana, pokhota paliponse. Ine ndinkamumva ndili kukhitchini."

Maliseni adayang'ana timapazi tija mumchenga, nayang'ana mwana amene adali m'manja mwake.

"Ndiye chaka chonsechi..."

"Musawerenge zimenezo tsopano. Gwirani." Adamasula chitenje cha pamwamba, nachikulunga, nachiponya. Chidagwera pamapazi pake. "Mumubereke. Mutuluke mmene munalowera, osadumpha mwala, osathamanga. Muzimuitana. Chilichonse chimene mumve kumbuyo, musacheuke. Iwe Lonjezo, tsogola, maso kutsogolo."

"Inu simulowa?" adafunsa Maliseni.

"Ine ayi. Ndikudikirani pano."

Telala wodziwa kusoka suti adalephera kumanga chitenje. Adawerama, Lonjezo namukankhira mng'ono wake kumsana, iye namanga mfundo yake yachimuna pachifuwa. Ataweramuka adadabwa. Mwanayo adali wopepuka, ngati wabereka chitenje chokha.

Adayamba kuyenda. Poyamba mawu adakana kutuluka, adachita manyazi, mwamuna wamkulu kuitana mwana amene ali kumsana kwake. Kenako adakhosomola.

"Sungeni, tiye kwathu."

Kanyimbo kaja kadaleka.

Adayenda mpaka pokhota. "Sungeni, tiye kwathu, mwanawe."

Kumbuyo kwake mchenga udalira. Tsware, tsware, timapazi tofulumira, toima, tofulumiranso, monga amayendera mwana amene akutsatira koma maso akadali ku zoseweretsa zake. Maliseni adapitirira. Ndipo atakhotanso adazindikira kuti mapaziwo sadali a munthu mmodzi. Pambuyo pa ting'onoting'ono tija pankabwera ena, olemera, odekha, okoka pang'ono phazi lamanzere. Mayendedwe amenewo adawamva zaka zambiri akubwera pakhonde pake madzulo, ndipo akadawazindikira ngakhale pakati pa msika.

"Ababa," adanong'ona Lonjezo, "kumbuyo kwanu kuli..."

"Yang'ana kutsogolo, mayi. Tiye."

Aka kadali koyamba Lonjezo kumvera osayankha.

Njira ya Nkhono ilibe chifundo ndi munthu wofulumira. Idawafikitsa pafupi penipeni ndi pakhomo, mpaka Maliseni adaona nsapato zawo ndi mapazi a mayi Nasibeko, mwala umodzi wokha pakati. Kenako idakhota n'kuwabwezera mkati, m'nkhungu. Mtima wake unkati dumpha, wafika kale. Adaluma mano, natsatira njira. Ankaitanabe, ndipo manyazi aja adali atatha. Ankaitana ngati mmene ankachitira kale akabwera ndi mandasi kuchokera kumsika.

"Sungeni, tiye kwathu. Kuli Lonjezo, kuli makina aja umakonda kupalasa. Tiye, usatsale."

Pokhota paliponse katundu wa kumsana ankalemera. Poyamba adayesa n'kutopa. Kenako adamva kutentha kukulowa m'malaya, timiyendo tikumukanikiza m'nthiti, kamutu kakutsamira pakati pa mapewa. Timapazi ta kumbuyo tija tidayamba kumveka patalipatali, kenako sitidamvekenso. Adatsala olemera aja okha, akumutsatirabe, pafupi kwambiri moti kafungo ka utsi ndi sopo kadamuzinga.

Pa mzere wotsiriza, pamene njira imawongoka kulunjika pakhomo, mapazi aja adaima.

Maliseni nayenso adaima. Khosi lidamuwawa ndi kufuna kucheuka. Adamusowa mkazi wake, adamusowa koopsa, ndipo adadziwa kuti kungotembenuza mutu pang'ono amuona. Mayi Nasibeko adali patsogolo pake, maso atawagwetsa pansi, milomo ikuyenda. Lonjezo adali atatuluka kale, atakumbatira mwendo wa mayiwo.

"Sungeni," adatero Maliseni, "tiye kwathu."

Adatukula phazi, nayenda, natuluka.

Nkhungu idali kuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa miyala. Kutali, kumsewu wafumbi, galimoto ya masisitere inkamveka ikukwera chitunda. Maliseni adaima chilili, osadziwa kuti achite chiyani tsopano, kuopa ngakhale kumasula chitenje. Kenako adamva mpweya wofunda pakhosi pake, ndi kamawu kosasa, ka munthu amene wangodzuka kumene.

"Ababa."

Maliseni adatseka maso. "Wawa, mayi."

"Mwachedwa."

"Ndachedwa, mwana wanga. Pepa."

"Amayi msana wawapweteka. Amandibereka tsiku lililonse."

Mayi Nasibeko adakhala pansi pomwepo, nabisa nkhope m'manja. Lonjezo adayang'ana mng'ono wake, pakamwa pali yasa.

"Akuti chiyani tsopano?" adafunsa Maliseni, misozi ikutsikira m'ndevu.

Mwana uja adatchera khutu ngati akumvetsera munthu wina.

"Akuti mfundoyi mwamanga molakwika, ndigwa. Akuti a Nasibeko akuphunzitseni." Adayasamula, natsamiranso pamsana. "Akuti iwo akupita kukagona."

Maliseni adaseka akulira, zonse pamodzi. Sadacheuke. Adangogwira mwana wake ndi manja onse awiri kumbuyo, nalankhula molunjika kutsogolo, mwaulemu, monga amalankhulira munthu ndi mkazi wake pamaso pa anthu.

"Ndamulandira, amake Lonjezo. Mwagwira ntchito. Kapumeni."

M'bwalo muja mudali zii. Adavala nsapato, nakwera kupita kunyumba kuja, Sungeni akufunsa kuti buledi akununkhirayo ndi wa yani.

Yanga yathera pomwepa. Amene mwabwera ndi ana, ponyamuka muwaitane.